Chotupa m'bere muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa: mmene mungadziyezere ndi zoti muchite kuchipatala

Amayi anzanga, ambiri a ife tikamva kachotupa m'bere tili ndi pakati kapena tikuyamwitsa timangoti ndi mkaka basi, ukauza mnzako nayenso akuti ndi mkaka, ukanena mwamanyazi kusikelo pena amangoti tiona mukachira, ukachira akuti tiona mwana akasiya kuyamwa, ndiye pofika pamenepo chaka chatha chotupa chija chili momwemo chikukula. Zoona, zotupa zambiri za nthawi imeneyi si khansa. Koma khansa ya m'mawere imapezeka kwa mayi mmodzi pa amayi pafupifupi 3,000 oyembekezera, ndipo nthawi zambiri imadziwika mochedwa chifukwa mawere amakhala atakula, atalimba, akupweteka kale, ndiye chilichonse chachilendo chimabisala mmenemo. Apa ndalemba mmene mungadziyezere kunyumba, nthawi yoti musiye kudikira, ndi zimene zikachitike kuchipatala kuti musakaope kapena kubwezedwa chabe.

Zofunika kukhala nazo

- Galasi loti muzitha kuona chifuwa chonse, pamalo owala bwino.
- Pilo kapena thaulo lopinda.
- Mafuta odzola pang'ono, kapena sopo ngati mukudziyeza posamba.
- Kabuku kapena foni yolembapo madeti. Musadalire kukumbukira, mayi wa mwana wakhanda sagona mokwanira ndipo masiku amasokonekera.
- Buku lanu la kuchipatala ndi zotsatira za sikani zakale ngati munapangitsapo.
- Mbiri ya kubanja: ndani anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira, ndipo anali ndi zaka zingati. Funsani mbali zonse ziwiri, kwa amayi ndi kwa abambo omwe.
- Tsiku lopita kuchipatala, munthu wokugwirirani mwana, ndi kapu yoyera kapena pampu yofinyira mkaka.

Gawo loyamba: kudziyeza kunyumba

1. Sankhani nthawi yoyenera

Amene sali oyembekezera amauzidwa kuti adziyeze patapita masiku ochepa akamaliza kusamba, koma inu panopa mwina simukusamba, ndiye ingosankhani deti limodzi pamwezi, kaya pa 1 kaya pa 15, muike alamu pafoni. Ngati mukuyamwitsa, dziyezeni mwana akangomaliza kuyamwa mawere onse awiri, kapena mukangomaliza kufinya.

Chenjezo: kudziyeza bere litadzaza mkaka ndi kungodziopseza, paliponse mumva zolimbalimba ndipo simusiyanitsa chilichonse.

2. Imani pagalasi

Vulani kumtunda konse. Yang'anani manja ali pansi, kenako mutakweza manja onse m'mwamba, kenako mutagwira m'chiuno ndi kukanikiza kuti minofu ya pachifuwa ilimbe. Nyamulani bere lililonse muone kunsi kwake, pamenepa ambiri sayang'anapo.

Kukula kwa mawere, kuda kwa nsonga ndi khungu lozungulira nsongayo, mitsempha kuoneka, timatuza ting'onoting'ono mozungulira nsonga, zonsezi ndi za mimba ndipo zimachitika mbali zonse ziwiri. Chimene mukufuna kuona ndi chosintha cha bere limodzi lokha: khungu lolowa mkati pamalo amodzi makamaka mukakweza manja, nsonga imene inali yotuluka koma yayamba kulowa mkati kapena kupendekera mbali, khungu lokhuthala lokhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje, chilonda kapena nkhanambo ya pansonga imene sikupola olo mwana akugwira bere bwinobwino.

3. Gonani mufufuze ndi zala

Ikani pilo kunsi kwa phewa lakumanja, dzanja lakumanja liike kuseri kwa mutu, ndiye mufufuze bere lakumanja ndi dzanja lakumanzere. Gwiritsani ntchito zala zitatu zapakati zitagona, osati nsonga za zala kapena zikhadabo. Pamalo aliwonse zungulizani zala katatu: kaye mopepuka kuti mumve za pansi pa khungu, kenako mokanikiza pang'ono, kenako mwamphamvu ndithu mpaka mumve nthiti. Yendani mizeremizere kukwera ndi kutsika, kuchokera ku fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi mpaka pamene pamathera bra, komanso kuchokera pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa. Mukamaliza sinthani mbali.

Khalani nthawi yotalikirapo pa chigawo cha kumtunda chakufupi ndi khwapa chifukwa khansa zambiri zimayambira pamenepo.

Chenjezo loyamba: musatsine bere pakati pa chala chachikulu ndi zinazo, mukatero bere lililonse labwinobwino limamveka ngati lili ndi chotupa. Chenjezo lachiwiri ndi la amene mimba yakula: kugona chagada nthawi yaitali kumabweretsa chizungulire chifukwa mimba imapsinja mtsempha waukulu wa magazi, ndiye tsamirani mapilo mukhale ngati mwakhala pang'ono, kapena pendekerani kumanzere.

4. Musaiwale m'khwapa ndi m'khosi

Khalani tsonga, tsitsani dzanja lisalimbe, mufufuze mkati mwa khwapa ndi pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi lija. Mwanabele wa m'khwapa amatha kutuluka chifukwa cha chilonda cha pansonga kapena kutupa kwa bere, amapweteka ndipo amatha vutolo likatha. Amayi ena ali ndi kanyama ka bere m'khwapa kamene kamafufuma mkaka ukabwera. Koma mwanabele wolimba, wosapweteka, wosasuntha ndipo sakuchoka, ameneyo akaonedwe.

5. Onani zotuluka kunsonga

Mkaka woyamba wachikasu uja umatha kuyamba kudontha mimba isanakwane, palibe vuto. Timagazi pang'ono tosakanikirana ndi mkaka kumapeto kwa mimba kapena masiku oyamba oyamwitsa timachitikanso, nthawi zambiri mawere onse awiri, ndipo timatha tokha pakangopita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Magazi ochokera pa nsonga yong'ambika nawonso amaoneka gwero lake. Zoyenera kukuimitsani ndi magazi kapena madzi oyera otuluka okha, bere limodzi, kabowo kamodzi komweko, masiku akupita osasiya. Ndipo simukuyenera kufinya nsonga tsiku ndi tsiku kuti muone ngati zikutulukabe, kufinyako kumangopangitsa kuti zipitirire.

6. Mwapeza chotupa? Lembani deti, muyambe kuwerenga

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Lembani deti, bere liti, malo ake monga mmene timawerengera wotchi, mwachitsanzo bere lakumanzere pa 2 koloko, kukula kwake poyerekeza ndi nsonga ya chala chanu, kaya chikupweteka kaya ayi, kaya chikusuntha kaya chakakamira.

Njira ya mkaka ikatsekeka pamakhala kolimba kopweteka, koma kamachepa mwana akayamwa ndipo kamatha pa tsiku limodzi, awiri, mwina atatu. Pitirizani kuyamwitsa monga mwa masiku onse, ikanipo nsalu yozizira, sisitani mopepuka kwambiri. Osakanya bere mwamphamvu ayi, malangizo a akatswiri a zoyamwitsa a mu 2022 ananena momveka kuti kukanya mwamphamvu kumavulaza minofu ndi kuonjezera kutupa.

Chotupa chikakhalabe pamalo omwewo kwa masabata 2, chikufunika sikani, basi. Olo chisapweteke, olo muli ndi zaka 25, olo kubanja kwanu kulibe anadwalapo. Ndipo ngati ndi cholimba kwambiri, chosasuntha, chikukula mwachangu, kapena chabwera limodzi ndi kusintha kwa khungu kapena mwanabele, musadikire n'komwe masabata awiriwo, pitani sabata yomweyo.

7. Bere lofiira, lotentha, lotupa

Nthawi zambiri awa ndi matenda otupitsa bere a amayi oyamwitsa, amabwera ndi kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Ngati sizikusintha pa maola 24 kapena mukudwala kwambiri pitani kuchipatala, mwina akupatsani ma antibiotic. Mukayamba kumwa muyenera kuona kusintha pa maola 48 mpaka 72. Kukapanda kusintha bwererani, mwina mwapanga chithupsa cha mafinya chofunika kupopa.

Pali mtundu wina wa khansa wosowa koma wothamanga kwambiri umene umaoneka chimodzimodzi, bere lofiira, lolemera, khungu lokhuthala, pena popanda chotupa chomveka ndi zala ndipo nthawi zambiri popanda kutentha thupi. Ndiye ngati mwamaliza mankhwala onse koma bere silinabwerere mwakale, kapena kutupako kukumabwerera pamalo amodzimodzi, musangolandira mankhwala ena achiwiri ndi achitatu, pemphani sikani. Bere lofiira chonchi kwa mayi woyembekezera amene sanayambe kuyamwitsa ndiye likufunika kuonedwa msanga kwambiri.

Gawo lachiwiri: kuchipatala

8. Nenani zinthu mwatchutchutchu

Ngati mwangotenga pakati kumene, pemphani azamba kapena adokotala akuyezeni mawere pa ulendo woyamba wa kusikelo, mawere asanafufume kwambiri, ndipo alembe m'buku. Zimathandiza kudzafananitsa mtsogolo.

Mukapita ndi vuto musangoti "bere likundivuta." Nenani kuti, "Adokotala, ndili ndi chotupa bere lakumanzere, ndinachimva pa deti lakuti, ndayamwitsa, ndafinya, koma sichikusintha, ndikupempha sikani." Tchulani miyezi ya mimba kapena ya mwana, tchulani za kubanja. Ngati kubanja kwanu alipo anapezeka ndi vuto la BRCA1 kapena BRCA2, limene ndi vuto lotengera kumtundu loonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere, kapena inuyo munalandirapo radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza, pachifuwa muli wamng'ono, nenani poyambirira pomwe chifukwa inu kuyezedwa kwanu kumayamba msanga ndipo sikuima chifukwa cha mimba.

Chenjezo: dzanja la dokotala, olo wodziwa ntchito bwanji, silingatsimikize kuti chotupa si khansa. Akakuuzani kuti mudikire mpaka mudzachire kapena mwana adzasiye kuyamwa, funsani mwaulemu kuti akulembereni kalata yokapangitsa sikani, ndipo zikakanika kaonaneni ndi wina. Si mwano umenewo, ndi thupi lanu.

9. Sikani ya ultrasound ndiye poyambira

Ndi makina amtundu womwewo amene amaonera mwana m'mimba, alibe cheza cha X-ray, sapweteka, ndipo amaona bwino m'bere lolimba la mayi woyembekezera. Amasiyanitsa msanga thumba la madzi kapena la mkaka ndi chotupa cha mnofu. Zambiri zimathera pomwepa: kathumba ka mkaka wotsekeredwa, chotupa chosaopsa chotchedwa fibroadenoma chimene chimakula ndi mahomoni a mimba, china chotchedwa lactating adenoma, kapena chithupsa.

Yamwitsani kapena finyani mutatsala pang'ono kulowa, n'chifukwa chake ndinati mupite ndi wokugwirirani mwana. Pemphaninso akuonereni m'khwapa.

10. Mammogram akaifuna, musathawe

Mammogram ndi X-ray ya mawere. Apa ndi pamene mantha amachuluka chifukwa tonse tinamva kuti X-ray ndi mimba siziyenderana. Cheza cha mammogram chimalunjika pabere, ndipo chimene chimafika kwa mwana sichikwana 0.03 mGy (mGy ndi muyezo wa cheza), pamene mlingo umene madokotala amayamba kudera nkhawa za mwana ndi wopitirira 50 mGy. Mwaona kutalikirana kwake. Auzeni ojambulawo kuti muli ndi pakati, malo ena amakuvekani chotchinga pamimba. Mammogram imaona timadontho ta kashiamu timene ultrasound imatha kuphonya, ndiye ziwirizi zimathandizana.

Kwa oyamwitsa, cheza sichitsalira mu mkaka, mukangotuluka mutha kuyamwitsa pomwepo. Musadzole perefyumu, paudala kapena mankhwala a m'khwapa tsiku limenelo chifukwa zimaoneka pa chithunzi ngati timadontho. Bere amalipana pakati pa mbale ziwiri kwa masekondi ochepa, zimawawa pang'ono ndipo mkaka utha kudontha, ojambulawo anazolowera, musachite manyazi.

Nanga amene mulibe chotupa koma mwafika msinkhu woyezedwa kawirikawiri? Maiko amasiyana, ena amayambira zaka 40 ena 50. Ngati muli pa msinkhuwo kapena muli pachiopsezo chachikulu, kambiranani ndi adokotala, koma ine ndinganene kuti ngati mukufuna kuyamwitsa chaka kapena zaka ziwiri, musaimike kuyezedwa nthawi yonseyo.

11. Za MRI

MRI ndi sikani ina yojambula m'thupi pogwiritsa ntchito maginito. Ya mawere imafuna mankhwala obaya mumtsempha otchedwa gadolinium, ndipo amenewa amadutsa kukafika kwa mwana m'mimba, ndiye kwa oyembekezera sapanga. Kwa oyamwitsa zimatheka, ofika mu mkaka sakwana 0.04 peresenti ya amene mwabayidwa, ndipo simukakamizidwa kusiya kuyamwitsa.

12. Biopsy

Sikani ikaonetsa chotupa cha mnofu chokayikitsa, amatengako kachidutswa ndi singano kuti akakayeze ku labu. Iyi ndiye njira yokhayo yotsimikizira. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, simugonekedwa tulo, ndipo jakisoniyo ndi wosaopsa kwa mwana wa m'mimba kapena woyamwa. Auzeni ngati mukumwa asipirini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi.

Yamwitsani musanalowe, ndipo pitirizani kuyamwitsa mukatuluka, bere lomwelo. Mkaka utha kuoneka ndi timagazi kwa masiku ochepa, mwana sizimuvulaza. Ena amaopa kuti mkaka uzidzatulukira pabalapo, zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri ndipo zimapola, chimene chimaonjezera vutoli ndi kusiya bere lidzaze. Onetsetsani kuti pa fomu yopita ku labu alembapo kuti ndinu woyembekezera kapena woyamwitsa, maselo a bere nthawi imeneyi amaoneka mosiyana ndipo woyezayo ayenera kudziwa.

Dziwaninso kuti mwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa opangidwa biopsy, ambiri ndithu zotsatira zimabwera kuti si khansa.

13. Tsatirani zotsatira zanu

Musanachoke funsani kuti zituluka liti, mukazitenge kuti, ndipo muimbire ndani zikachedwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu pulogalamu yake ya khansa ya m'mawere imene inayamba mu 2021 linaika cholinga choti kuyeza konse, sikani ndi biopsy zomwe, kuzitha pasanadutse masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika kuchipatala koyamba. Gwirani nambala imeneyo. Kukhala chete kwa chipatala sikutanthauza kuti zili bwino, mapepala amasochera. Tengani kope ya lipoti kapena lijambuleni pafoni.

Akakuuzani kuti si khansa koma mudzabwerenso pakatha miyezi 6, lembani detilo. Ndipo chotupa chikamakulabe olo lipoti linati chilibe vuto, bwererani musanafike detilo.

Zikapezeka kuti ndi khansa

Sindilowa mozama, koma ndikufuna mudziwe izi chifukwa amayi ena amakana kuyezedwa poopa kuti akapezeka nayo awauza kuchotsa mimba. Kafukufuku sanasonyeze kuti kuchotsa mimba kumaonjezera mwayi wochira ku khansayo, ndipo amayi ambiri amalandira chithandizo mimba ili pomwepo n'kubereka ana abwinobwino. Opareshoni imatheka ali oyembekezera. Chemotherapy, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, sapereka miyezi itatu yoyambirira pamene ziwalo za mwana zikupangika, koma kuyambira cha pa masabata 14 imaperekedwa, n'kuimitsidwa patatsala masabata pafupifupi 3 kuti mayi abereke. Radiotherapy ndi mankhwala ena a khansa otchedwa tamoxifen ndi trastuzumab zimadikira mwana abadwe. Khansa siyenda mu mkaka kupita kwa mwana, koma pa nthawi ya chemotherapy ndi mankhwala enawo kuyamwitsa kumaimitsidwa chifukwa mankhwalawo ndi amene amalowa mu mkaka.

Zolakwika zimene zimachitikachitika

Kuganiza kuti kuyamwitsa ndi katemera. Kuyamwitsa kumachepetsadi chiopsezo, kafukufuku wamkulu wa mu 2002 anapeza kuti chimatsika ndi 4.3 peresenti pa miyezi 12 iliyonse imene mayi wayamwitsa, koma kumeneko ndi kuchepetsa pa moyo wonse. Zaka zoyamba mayi atabereka chiopsezo chimayamba chakwera pang'ono, makamaka cha pa zaka 5, kenako n'kumatsika. Ndiye kudziyeza kusathe mwana akasiya bere.

Kudalira ululu. Ena amati sichikupweteka ndiye si kanthu, ena amati chikupweteka ndiye si khansa. Zonse ziwiri n'zolakwika, ululu sukuuzani chilichonse chotsimikizika, chimene chikuuzani ndi kukhalitsa kwa chotupacho.

Kuletsa mwana kuyamwa kuti mukayezedwe. Palibe chifukwa, ultrasound, mammogram ndi biopsy zonse zimatheka mukuyamwitsa, ndipo kuletsa mwadzidzidzi kumangotupitsa bere n'kusokoneza chithunzi.

Kunyalanyaza mwana akamakana bere limodzi. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chaching'ono, mkaka ukutuluka mothamanga kapena mochedwa mbali imeneyo, khutu likumuwawa, kagonekedwe. Koma akamakana bere lomwelo masiku ambiri pamene kale ankayamwa, lifufuzeni bwinobwino ndipo akakuyezeni.

Kutha miyezi mukuthowa, kupaka mafuta, kumwa zitsamba kapena mankhwala ogula nokha. Chotupa cha mkaka chikanachoka kale pa masiku ochepa, ndipo zina mwa zomwazo n'zoopsa kwa mwana.

Kubisa. Amayi ambiri sauza amuna awo kapena achemwali awo poopa kuwadetsa nkhawa nthawi imene aliyense akusangalalira mwana, koma mukufunika wina wokugwirirani khanda pa mzere wa sikani, wokukumbutsani deti, komanso womva nawo zimene adokotala akunena chifukwa munthu ukachita mantha theka la mawu limakudutsa. Ndipo abambo amene mukuwerenga, mayi akakuuzani kuti wamva chotupa musamuyankhe kuti ndi mkaka, mufunseni kuti anachimva liti, muwerenge naye masabata awiriwo, akakwana mumuperekeze.

Kusabwerera mwana akasiya kuyamwa. Mawere amatenga miyezi ingapo kuti abwerere mwakale, ndipo zotupa za mkaka zimayenera kuchepa kapena kutha. Pakatha miyezi 3 mwana atasiya, dziyezeninso mofatsa, ndipo chilichonse chimene chatsalira, olo chinayezedwapo kale muli ndi pakati, kachionetseninso.